Rozi Woyanga Wamumphika Kumayiko Achisanu: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsimu amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu okhala ku Britain, Ireland, Canada, kumpoto kwa America ndi kumpoto kwa Ulaya, makamaka amene ali m'nyumba za lendi kapena amene pabwalo pawo mpa simenti pokhapokha. Miyezi yonse yatchulidwa malinga ndi nyengo za kumeneko, kumene chisanu chimakula kuyambira Disembala mpaka Febuluwale.

Kodi rozi woyanga wamkulu angakule bwinobwino mumphika?

Angakule, koma safika msinkhu wa mnzake wa m'munda. Mtundu umene m'nthaka umatalika mamita 4 kapena 5, mumphika nthawi zambiri umalekezera pa mamita 2 kapena 3, chifukwa nthambi zimakula molingana ndi malo amene mizu yapeza. Kwa anthu ambiri zimenezi n'zokwana, poti khoma la pakhomo silitalika kuposa pamenepo.

Chofunika kuchivomereza n'chakuti ntchito zimene nthaka ikanagwira yokha, monga kusunga madzi, kudyetsa mizu ndi kuifunditsa m'chisanu, zonse zagwera inu. Pa zitatuzi, yachitatu ndiyo imapha marozi ambiri. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti musanagule duwa, musanagule ngakhale mphika, muyambe mwadziwa kumene mphikawo udzakhale mu Januwale.

Pa kapepala ka dzina pena alemba climber, pena rambler. Zimasiyana bwanji?

Climber amakhala ndi nthambi zochepa koma zolimba, maluwa ake ndi akuluakulu, ndipo mitundu yambiri imabwereza kuchita maluwa kuyambira Juni mpaka Okutobala. Rambler amatulutsa nthambi zambirimbiri zazitali ndi zofewa, timaluwa take timabwera m'magulu, ndipo ambiri amachita maluwa kamodzi kokha pachaka. Mitundu ngati Kiftsgate, Rambling Rector ndi Paul's Himalayan Musk imakwera mitengo ikuluikulu n'kuikuta. Imeneyo isiyeni, palibe mphika ungaikwane.

Onse awiri sadzikwerera okha. Rozi alibe tizingwe tokolera ngati ta maungu. Ali ndi minga basi. Mukapanda kumumangirira, amangogwera pansi.

Mphika ukhale waukulu bwanji?

Usachepere masentimita 60 mulifupi ndi masentimita 60 kuya kwake, kutanthauza dothi lokwana malita 100 kapena kuposerapo. Muyezo umenewu ndi umenenso kampani ya David Austin Roses ya ku Shropshire imalangiza pa marozi oyanga. Theka la mgolo wa matabwa, umene umagulitsidwa m'malo ogulitsira mbewu, umakwana mulifupi koma ndi wosaya pang'ono. Ukhoza kugwira ntchito pa mitundu yaifupi.

Anthu amaganiza kuti mphika waukulu ndi wa chakudya chokha. Ayi. Dothi lambiri limachedwa kuundana ndipo limachedwanso kusungunuka, choncho mizu ya pakati simva kusinthasintha kwa usana ndi usiku. Mphika wa malita 30 umaundana mpaka pakati usiku umodzi wokha wozizira kwambiri.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazizindikira mochedwa. Choyamba, mphika wotere ukadzaza dothi lonyowa umalemera makilogalamu opitirira 100, ndiye ngati mudzausunthe, uikeni pa thabwa la matayala musanathire dothi. Chachiwiri, pewani mphika wa mimba yaikulu ndi kukamwa kochepa. Ndi wokongola, koma tsiku lofuna kutulutsa mizu mudzachita kuuswa.

Nanga ukhale wopangidwa ndi chiyani?

Wa matabwa ochindikala ndiwo umateteza mizu bwino, ngakhale umaola pakapita zaka. Wa pulasitiki wolimba kapena wa fibreglass ndi wopepuka ndipo susweka ndi chisanu. Wadongo wamba umamwa madzi, madziwo akaundana amafufuma, mphika n'kung'aluka. Ngati mtima uli pa wadongo, funani wolembedwa frost-proof (wosasweka ndi chisanu), osati frost-resistant chabe (wongopirirako pang'ono). Wachitsulo ndi woipa mbali zonse ziwiri: umawotcha mizu mu Julayi n'kuiziziritsa mu Januwale.

Musanathire dothi, yalani bubble wrap kapena thovu lolimba la zomangira nyumba m'mbali mwa mphika chamkati. Pansi musayalepo, kuti mabowo otulutsa madzi asatsekeke. Mabowowo akhale angapo, aakulu ngati chala chamanthu, ndipo mphika ukhale pa njerwa kapena pa timiyendo kuti madzi azitsika.

Ndithiremo dothi lanji? La m'munda lingachite?

La m'munda lokha limagwirana mumphika n'kulimba, mizu n'kusowa mpweya. Ku Britain ndi ku Ireland gulani John Innes No. 3, amene ndi kompositi wokhala ndi dothi lenileni mkati mwake, musakanize theka ndi theka ndi kompositi wamba, kenako muonjezereko ndowa imodzi ya manyowa a ng'ombe kapena a hatchi owolerana bwino. Ku Canada ndi ku America, komwe John Innes sapezeka, tengani potting mix wabwino mumusakanize ndi manyowa ndi dothi lapamwamba logula m'matumba. Kompositi wopepuka yekha amaphwa pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo mphika wopepuka wokhala ndi duwa lalitali umagubuduzika ndi mphepo.

Za kuyala miyala pansi pa mphika, ambiri tinaphunzira choncho, koma sizithandiza madzi kutsika. Zimangolanda malo a mizu. Phale limodzi pa bowo lililonse likwana.

Kwenikweni chimapha rozi wamumphika m'chisanu n'chiyani?

Ndi mizu, osati nthambi. Nthambi za rozi wolimba zikakhwima bwino zimapirira madigiri 20 kapena 25 a Celsius pansi pa ziro, zina mpaka kuposa. Mizu ilibe mphamvu imeneyo. Imayamba kuonongeka dothi likazizira kufika pafupifupi madigiri 10 pansi pa ziro. M'munda zimenezi sizichitika kawirikawiri chifukwa pansi panthaka pamatuluka kutentha pang'ono nthawi zonse, ndipo chipale chofewa chikagwa chimakhala ngati chofunda. Mumphika mulibe zonsezo. Mphepo yozizira imauzungulira mbali zonse, ndipo mizu yanthete, imene imamwa madzi, ndi imene ili m'mphepete penipeni.

Chachiwiri ndi ludzu. Zimamveka zachilendo, koma dothi likaundana mizu singamwe kanthu, pamene nthambi zikutayabe madzi chifukwa cha mphepo ndi dzuwa la masana. Pakatha milungu ingapo nthambi zimakwinyika n'kuuma, mwini wake n'kumati zapsa ndi chisanu.

Chachitatu ndi kuundana n'kusungunuka mobwerezabwereza. Mphika wakuda wokhala padzuwa mu Febuluwale umafunda masana, mizu n'kudzuka, usiku n'kuundananso. Kuzizira kokhazikika n'kwabwino kuposa kumeneko.

Chachinayi, chimene chimavuta kwambiri ku Britain ndi ku Ireland, ndi madzi. Mvula ya miyezi itatu ikadikha mumphika wosatulutsa bwino madzi, mizu imaola chisanu chenicheni chisanafike n'komwe.

Manambala a zone amene amalembedwa pa marozi amatanthauza chiyani?

Ndi muyezo wa unduna wa zaulimi wa ku America, USDA, wogawa madera malinga ndi kuzizira kwa usiku wozizira kwambiri pachaka. Zone 8 ndi pakati pa madigiri 7 ndi 12 pansi pa ziro, zone 6 ndi pakati pa 18 ndi 23, zone 5 pakati pa 23 ndi 29, zone 4 pakati pa 29 ndi 34, ndipo zone 3 imafika 40. Mbali yaikulu ya England ili mu zone 8 ndi 9, Toronto ndi Chicago zili cha mu 6, pamene Winnipeg ndi Edmonton zili cha mu 3 ndi 4. Canada ili ndi mapu akeake amene manambala ake amasiyanako pang'ono, ndiye onani kuti wogulitsa akutsata ati. Ku Britain bungwe la alimi a maluwa la Royal Horticultural Society (RHS) limagwiritsa ntchito zilembo H1 mpaka H7, ndipo H6 ndi chomera chopirira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro.

Manambala onsewa amanena za chomera chimene chili m'nthaka. Lamulo la alimi a maluwa n'lakuti ngati mphika udzagona panja, chotsanipo ma zone awiri: wokhala mu zone 6 agule rozi wa zone 4. Wokhala mu zone 4 kapena 3 alibe pochotsera, ndipo mphika wake sungagone panja poyera ngakhale duwa likhale lolimba bwanji. Onani yankho la za galaja m'munsimu.

Ndi mitundu iti imene imachita bwino?

Kumene kumazizira kwambiri, yambani ndi gulu la Explorer, limene linapangidwa ndi Felicitas Svejda pa famu ya kafukufuku ya boma ku Ottawa. John Cabot anatuluka mu 1978, William Baffin mu 1983, Henry Kelsey mu 1984 ndipo John Davis mu 1986. Onsewa amapirira mpaka zone 3 kapena 4 akakhala m'nthaka. William Baffin ndiye wolimba kuposa onse, koma nthambi zake ndi zokhuthala, zovuta kupinda, ndipo fungo lake ndi lochepa. Mumphika ine ndingasankhe John Davis, wa maluwa apinki, chifukwa nthambi zake ndi zofewa ndipo zimalola kuzengerezedwa kapena kugonekedwa pansi.

Kumene chisanu n'chapakatikati, New Dawn wa 1930 ndi wodalirika. Ndi duwa limene linalandira chiphaso choyamba cha umwini wa chomera ku America mu 1931, ndipo mpaka lero likugulitsidwabe. Vuto lake ndi minga ndi liwiro. Amafuna mphika waukulu kwambiri ndi mwini wosaopa kudulira. Ochokera ku kampani ya Kordes ku Germany, monga Laguna ndi Dortmund, ndi olimba ku matenda. Mukaona zilembo ADR pa duwa la ku Germany, ndiye kuti linayesedwa zaka zingapo m'minda yosiyanasiyana popanda kupopera mankhwala.

Ku Britain ndi ku Ireland muli ndi mwayi wosankha fungo. Gertrude Jekyll wa 1986 ndi Strawberry Hill, onse a David Austin, amafika mamita awiri ndi theka kapena atatu ndipo amakwana mumphika wa masentimita 60. Eden, amene ku France amamutcha Pierre de Ronsard, ndi wokongola pa zithunzi, koma maluwa ake odzaza amamatirira n'kuola osatseguka kukagwa mvula yambiri. Zéphirine Drouhin wa 1868 alibe minga, zimene zimakopa makolo a ana aang'ono, koma amadwaladwala, makamaka mizu ikauma.

Ngati mphika wa malita 100 sutheka, musakakamize. Pali gulu la marozi oyanga aafupi, lotchedwa patio climbers, monga Warm Welcome, Laura Ford ndi Open Arms a Chris Warner, amene amatalika pafupifupi mamita awiri ndipo amakhutira ndi mphika wa masentimita 45.

Ndigule womezanitsa kapena wa mizu yakeyake?

Marozi ambiri ogulitsidwa ndi omezanitsa, monga amachitira ndi mango: pamwamba mtundu wofunikawo, pansi tsinde la mtundu wina wamphamvu. Ku Britain tsinde la pansi limakhala Laxa, ku America nthawi zambiri Dr. Huey. Womezanitsa amakula msanga, koma mfundo yolumikizirayo ikafa ndi chisanu, duwa lanu latha. Zimene zidzaphuke ndi za tsinde la pansi. N'chifukwa chake anthu ku America amadabwa kuona rozi wawo wachikasu atasanduka wofiira kwambiri: ameneyo ndi Dr. Huey.

Wa mizu yakeyake amachedwa chaka choyamba ndi chachiwiri, koma akafa mpaka pansi amaphukanso mtundu womwewo. Kuyambira zone 6 kutsika, ameneyu ndiye wogula. Ku Britain womezanitsa alibe vuto.

Ndidzale liti, ndipo motani?

Ku Britain ndi ku Ireland marozi a mizu ya poyera, opanda dothi, amagulitsidwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo ndi otsika mtengo. Kumene dothi limaundana miyezi yathunthu, dikirani Epulo kapena Meyi kuti duwa likhale ndi chilimwe chonse chozika mizu.

Viikani mizu m'ndowa ya madzi kwa maola angapo. Mfundo yomezanitsira ikhale masentimita 5 pansi pa dothi, kapena 10 kumene kumazizira kwambiri. Siyani mpata wa masentimita 5 pakati pa dothi ndi mlomo wa mphika kuti madzi othirira azikhala ndi poima. Tsenderani dothi ndi manja, thirirani mpaka madzi atuluke pansi. Mphika umodzi, rozi mmodzi. Timaluwa tapansi tochepa m'mphepete tilibe vuto, koma clematis, duwa lina loyanga limene ambiri amakonda kuliphatikiza ndi rozi, lipatseni mphika wake.

Mphika ndiuike pati?

Pamene pamafika dzuwa maola asanu ndi limodzi patsiku m'chilimwe. Anayi ndiye ochepetsetsa. Kumbukirani kuti kumpoto kwa dziko lapansi dzuwa limadzera kumwera, choncho khoma loyang'ana kumwera kapena kumadzulo ndilo lofunda. Khoma limatchinjiriza mphepo ndipo limatulutsa kutentha usiku, koma limatchinganso mvula. Mphika wa m'tsinde mwa khoma ukhoza kuuma gwa mkati mwa sabata ya mvula.

Chomangirirapo ndichikhomere kukhoma kapena chikhale mumphika momwemo?

Yankho likudalira dongosolo lanu la chisanu. Ngati mphika udzagona pomwepo chaka chonse, khomani mawaya opingasa pakhoma, otalikirana masentimita 30 mpaka 45, ndipo atalikirane ndi khomalo masentimita 5 kuti mpweya uzidutsa kumbuyo. Trellis, timatabwa tokhomedwa mopingasana, imachitanso chimodzimodzi.

Ngati mphika udzalowa m'galaja, duwa ndi chomangirirapo chake ziyenera kuyendera limodzi. Zikani obelisk, chomangirirapo chachitsulo chooneka ngati kansanja, mumphika pa tsiku lodzala, miyendo yake ifike pansi penipeni, ndipo muyambe mwayeza chitseko cha galaja. Kumasula nthambi zaminga za mamita atatu pakhoma chaka chilichonse, zala zitauma ndi kuzizira kwa Novembala, ndi ntchito imene anthu ambiri amaichita kamodzi n'kuleka.

Rozi wanga amachita maluwa kunsonga kokha, m'munsi muli mbee. Ndalakwitsa pati?

Mwamusiya kuti aime chilili. Nthambi ikaloza kumwamba, diso la kunsonga limapondereza maso onse a m'munsi kuti asaphuke. Mukaipinda kuti igone chopingasa, kapena ipendekeke kwambiri, maso onse a m'litali mwake amatulutsa timphukira, ndipo maluwa amabwera pa timphukira timeneti. Pakhoma yalani nthambi kumanja ndi kumanzere pa mawaya. Pa obelisk zizengerezeni mozungulira, zina cha kumanja zina cha kumanzere. Pindani zikadali zanthete, chakumapeto kwa chilimwe, ndipo mangani ndi chingwe chofewa mosakoka kwambiri. Waya amadula khungwa.

Ndizithirira ndi kuthira feteleza kangati?

M'chilimwe pisani chala m'dothi masentimita 5; mukapeza mouma, thirani kheni yonse ya malita 10 pang'onopang'ono. Kukatentha zimenezi zimakhala za tsiku ndi tsiku. Thirani padothi, osati pamasamba, ndipo phimbirani pamwamba ndi manyowa kapena makungwa.

Feteleza wa marozi wa timibulu thirani maso akayamba kutupa, cha kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, ndipo mubwereze maluwa oyamba akatha. Pakati pake, feteleza wamadzi wa matimati milungu iwiri iliyonse amathandiza maluwa chifukwa ali ndi potashi wambiri. Lekani zonse Ogasiti asanafike pakati. Feteleza wochedwa amatulutsa mphukira zanthete zimene sizikhwima chisanu chisanafike. Pa chifukwa chomwecho, kuyambira Seputembala lekani kudula maluwa ofota, duwa liyambe kupuma.

Ndili ku Britain. Kodi m'pofunika kuteteza mphika?

Zaka zambiri mphika waukulu wokhala pa njerwa pafupi ndi khoma umadutsa chisanu popanda chilichonse. Koma kumabwera zaka ngati Disembala wa 2010, kumapeto kwa Febuluwale wa 2018 ndi Disembala wa 2022, pamene kunazizira masiku ambiri motsatizana ndipo miphika inaundana mpaka pakati. Choncho mu Novembala kulungani mphika ndi bubble wrap kawiri kapena katatu, pamwamba pake chiguduli, ndipo muunjike manyowa kapena makungwa masentimita 10 patsinde. Ngati muli ndi miphika ingapo, isonkhanitseni pamodzi. Kulungani mphika wokha; nthambi musazikute ndi pulasitiki chifukwa zimachita thukuta n'kuola. Okhala ku Scotland chakumtunda ndi kumapiri a kumpoto kwa England achite zimenezi chaka chilichonse.

Nanga ku Canada kapena kumpoto kwa America, kumene kumafika madigiri 25 kapena 30 pansi pa ziro?

Kukulunga kokha sikukwana. Chokulungira sichipanga kutentha, chimangochedwetsa kuzizira, ndiye kukazizira milungu itatu yotsatizana mphika umafanana ndi mpweya wa panja. Muyenera kupeza kutentha kwina, ndipo njira zake ndi zitatu.

Yoyamba ndi galaja kapena shedi yosatenthetsedwa, makamaka yogundana ndi nyumba, momwe mumakhala pakati pa madigiri 5 pansi pa ziro ndi 5 pamwamba pake. Dikirani chisanu champhamvu chigwe kangapo kuti duwa ligone, nthawi zambiri mu Novembala. Thotholani masamba otsala, mangani nthambi pamodzi, lowetsani mphika ndipo muukhazike pa thabwa kufupi ndi khoma la nyumba, kutali ndi chitseko. Kuwala sikufunika chifukwa duwa lagona. Ikani choyezera kutentha pambali pake. Mbewa zimakonda kutafuna khungwa m'nyengo imeneyi, ndiye zungulizani tsinde ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono.

Yachiwiri ndi kukwirira. Kumbani dzenje m'munda, mulowetsemo mphika mpaka m'mlomo, muunjike dothi masentimita 25 kapena 30 patsinde. Nthambi zimangeni pamodzi, muzigoneke pansi n'kuzifunditsa ndi masamba ouma ndi chiguduli. Ku Minnesota amafika pogoneka duwa lonse m'ngalande n'kulikwirira, njira imene imadziwika kuti Minnesota tip. Ndi ntchito yolemetsa, koma nthaka ndiyo imasunga mizu bwino kuposa china chilichonse.

Yachitatu ndi ya amene alibe galaja kapena munda. Khazikani mphika padothi penipeni, osati pa njerwa, m'mbali mwa nyumba mosafika dzuwa ndi mphepo. Zungulizani waya wa nkhuku, kusiya mpata wa masentimita 30, mudzazemo masamba ouma kapena udzu mpaka pamwamba pa tsinde. Chipale chofewa chikagwa, chiunjikeni pomwepo. Njirayi imatheka mu zone 5 ndi 6 ndi mitundu ya Explorer. Kupitirira apo mumakhala mukuyesa mwayi.

Bwanji osangomulowetsa m'nyumba mofunda?

Rozi amafunika kugona. M'chipinda chotenthetsedwa amapitiriza kuphuka pa kuwala kochepa, mphukira zake zimakhala zoyezuka ndi zofooka, ndipo akangaude ofiira aang'onoang'ono amamugwira chifukwa cha mpweya wouma. Chipinda chapansi chimachita pokhapokha ngati n'chozizira kosapitirira madigiri 5 kapena 7.

M'chisanu ndizithirirabe?

Inde, pang'ono. Wa m'galaja muoneni milungu itatu kapena inayi iliyonse. Dothi likhale lachinyezi, osati lonyowa. Malita awiri kapena atatu akwana, kapena fosholo imodzi ya chipale chofewa pamwamba pa dothi. Wa panja muthirireni tsiku limene kwafunda ndipo dothi lasungunuka. Marozi ambiri a m'galaja amafa ndi ludzu chifukwa choiwalika, monga tafotokozera pa funso la chimene chimapha rozi.

Ndimutulutse liti?

Usiku ukaleka kutsika kupitirira madigiri 5 pansi pa ziro, ndipo maso asanaphuke kwambiri. Kumadera ambiri ozizira ndi mu Epulo. Sabata yoyamba akhale pamthunzi posafika mphepo. Ngati waphukira kale m'galaja, mphukira zoyerazo sizipirira chisanu ngakhale chochepa, ndiye muzimubweza usiku wozizira kapena muzimufunditsa nsalu ya fleece. Apa mpamene thabwa la matayala lija, lokhazikapo mphika, limabweza ndalama zake.

Kudulira kumachitika liti?

Ku Britain ndi mu Januwale kapena Febuluwale. Kumene kumazizira kwambiri dikirani maso atupe, nthawi imene chitsamba cha forsythia chikuchita maluwa achikasu, kuti muone bwino zimene zafa. Chisanu chisanayambe, fupikitsani nthambi zokhazo zimene zikukwapulidwa ndi mphepo.

Zaka ziwiri zoyamba chotsani zakufa zokha, zina zonse muzimangirire. Pambuyo pake sungani nthambi zikuluzikulu zitatu mpaka zisanu, ndipo timphukira ta m'mbali timene tinachita maluwa tidulireni kusiya maso awiri kapena atatu. Kuyambira chaka chachinayi, chotsani nthambi imodzi yokalamba kuchokera pansi chaka chilichonse kuti zatsopano zipeze malo. Mphukira yochokera pansi pa mfundo yomezanitsira izuleni ndi dzanja pomwe yamerera. Mukaidula imabweranso ndi anzake.

Nthambi zada bii chisanu chitatha. Wafa?

Musafulumire kutaya. Dulani nthambi pang'onopang'ono kutsika nayo mpaka mupeze mkati moyera. Mkati mofiirira ndi mwakufa. Ngakhale zonse zitafa mpaka pansi, dikirani mpaka kumayambiriro kwa Juni. Wa mizu yakeyake amaphukanso kawirikawiri. Womezanitsa, onani pamene mphukira ikuchokera, monga tanenera pamwambapa. Duwa limene laphuka bwino mu Epulo kenako n'kufota mwadzidzidzi mu Meyi ndiye kuti mizu inafa, ndipo linkangodya chakudya chotsala m'nthambi.

Ndi matenda ndi tizilombo titi timene ndiyembekezere?

Mawanga akuda pamasamba, black spot, ndiwo amavuta kumene kumagwa mvula yambiri. Tolani masamba ogwa n'kuwataya, osawaika pa manyowa. Ufa woyera pamasamba anthete, powdery mildew, nthawi zambiri umasonyeza kuti mizu ikuuma, ndiye yambani mwakonza kathiriridwe musanagule mankhwala. Nsabwe za m'masamba zikhululeni ndi zala kapena ndi madzi.

Mdani weniweni wa miphika ku Britain ndi kachilombo kotchedwa vine weevil. Wamkulu amangojeda m'mphepete mwa masamba usiku, koma mphutsi zake zoyera zimadya mizu kuyambira kumapeto kwa chilimwe mpaka chisanu chitatha. Zimaphedwa ndi tinyongolotsi ta nematodes timene mumasungunula m'madzi n'kuthirira mu Ogasiti kapena Seputembala, dothi likadali lofunda. Ku America samalani ndi rose rosette: mukaona mphukira zofiira zopiringizika ndi minga yochuluka modabwitsa, matendawo alibe mankhwala, duwa lonse lizulidwe.

Dothi ndizisintha kangati?

Chaka chilichonse mu Malichi kapena Epulo palani masentimita 5 a pamwamba n'kuikapo latsopano losakaniza ndi manyowa. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi, duwa likadali m'tulo, gonekani mphika, solotsani mizu yonse, dulani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi m'mbali ndi pansi, mubwezeretse ndi dothi latsopano, ndipo nthambi muzichepetsenso. Ndi ntchito ya anthu awiri ovala magolovesi achikopa. Chizindikiro chakuti nthawi yakwana n'chakuti madzi amangodutsa osalowerera, ndipo maluwa amachepa ngakhale mukuthira feteleza.

Ndimakhala m'fulati. Pa balcony zingatheke?

Funsani kaye mwininyumba za kulemera kololedwa ndi za kukhoma misomali pakhoma. Pa balcony mphepo imakhala yamphamvu ndipo pansi pake pamadutsa mpweya wozizira, choncho mizu ilibe kutentha kochokera m'nthaka. Ku London kapena ku Dublin, patio climber pa obelisk womangiriridwa ku zitsulo za balcony amachita bwino. Ku Toronto kapena ku Calgary, pezani mnzanu wa galaja amene angakusungireni mphika miyezi ya chisanu.

Kodi ndingabweretse nthambi ya rozi wa kumudzi kuti ndidzale kuno?

Britain, mayiko a European Union, Canada ndi America salola chomera chodzala kulowa popanda chiphaso cha zaumoyo wa zomera chochokera ku boma la kumene chachokera, ndipo chopanda chiphaso amalanda pabwalo la ndege. Komanso rozi amene amakondwa ku Zomba kapena ku Dedza sanayesedwepo ndi dothi loundana. Ngati mukudziwa dzina la mtundu wake, ufunefuneni kwa ogulitsa a dziko limene mukukhala. Mitundu yakale yambiri imene ili m'minda ya kwathu inachokera ku Ulaya ndipo ikugulitsidwabe. Mukaupeza, onani zone yake kaye musanalipire.